Kasankhidwe ka airbrush yopentera timamodelo kwa amene mukugulira ku Harare

Mphwanga wina wa ku Mufakose anamata kandege ka Hawker Hunter ka 1/72 (kochepa maulendo 72 poyerekeza ndi ndege yeniyeni) bwinobwino, mapiko olunjika, mizere yonse yosalazidwa. Pofika popenta ndi burashi, penti anangoti khathikhathi, mikwasa ya burashi ili poyera kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Anapsa mtima n'kukagula m'tauni airbrush (kachida kopopera penti ndi mpweya), ya m'kabokosi kakuda kopanda dzina la kampani, singano yake 0.2 mm, chifukwa wogulitsa anamuuza kuti yaing'ono ndiyo ya akatswiri. Sabata isanathe anafika kwathu ku Highfield ataikulunga m'nyuzi. "Malume, chinthuchi chikungolavula." Nditasolola singanoyo ndinapeza nsonga yake itapindika ngati mbedza, ndipo mu Harare monse munalibe poipezera ina yolowa m'menemo.

Anthu ambiri amagwera pomwepo. Amayang'ana kuchepa kwa singano ndi kunyezimira kwa chitsulo, n'kuiwala masipeya ndi mpweya, pamene kwa ife okhala kuno ziwirizi ndiye mwini nkhani. Tiyeni tione mmene mungasankhire kuti ndalama ipite pa chinthu chimene mudzagwiritsebe ntchito zaka zisanu zikubwerazi.

Zofunika kukhala nazo

Airbrush payokha sipenta. Musanawerengere ndalama, lembani zonsezi papepala limodzi:

- airbrush yeniyeniyo
- kompuresa yokhala ndi geji, chochepetsera mphamvu ya mpweya ndi kabotolo kotchera madzi
- payipi ya mpweya, yotalika mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndi zolumikizira zake
- singano ndi nozzle (kamlomo kotulukira penti) zapadera, za saizi yomweyo
- penti wa mamodelo ndi thina wogwirizana naye
- chophimba kumphuno chokhala ndi mafyuluta a nthunzi ya mankhwala
- botolo lopoperamo zotsukira, tiburashi topyapyala, timapepala tofewa topukutira
- masupuni apulasitiki oyera, amene timagula pokonzekera ukwati aja, oyeserera

Mukaphatikiza mudzaona kuti airbrush ndi gawo limodzi chabe la ndalamazo. Ine ndimauza aliyense kuti theka la ndalama, ngakhale kupitirira, lisungidwire kompuresa.

1. Yambani ndi zimene zili pa tebulo panu

Tengani mabokosi a mamodelo amene muli nawo, muone sikelo yake. Hawker Hunter, ndege imene asilikali a m'mlengalenga a dziko lino anauluka nayo zaka zambiri, ndi yotalika pafupifupi mamita 14. Pa 1/72 imatuluka masentimita 19, pa 1/48 masentimita 29. Akasinja ndi magalimoto a asilikali ambiri amabwera pa 1/35, magalimoto wamba pa 1/24. Zonsezi, mukaziika pamodzi, ntchito yake yaikulu ndi imodzi: kuyala penti wosalala pa malo okula ngati chikhatho kapena zikhatho ziwiri. Timizere tothetheka ngati tsitsi timafunika mwa apo ndi apo.

Chenjezo: musagule airbrush ya ntchito imene mumangoionera pa YouTube. Gulani ya mamodelo amene mumange chaka chino.

2. Kabatani kake: kongodina kapena kodina n'kukoka

Pali mitundu iwiri. Ya single action mukadina kabatani, mpweya ndi penti zimatulukira limodzi, ndipo kuchuluka kwa penti mumakukonzeratu popotokola kasikuluwu. Paasche H ndi yotchuka pa mtundu umenewu, ndi yolimba, koma imasakanizira penti ndi mpweya kunja kwa mlomo, choncho timadontho take timakhala tokulirapo.

Ya double action mumadina pansi kuti mpweya utuluke, kenako n'kukokera kabataniko kumbuyo kuti penti ayambe kubwera. Mukakoka pang'ono, penti pang'ono. Mukakoka kwambiri, penti wambiri. Chala chimodzi chikuyendetsa zonse, ndipo mumatha kusintha muli pakati pa mzere.

Tengani ya double action. Anthu amaiopa ngati kuphunzira kalachi ya galimoto, koma madzulo awiri atatu akukwanirani kuti chala chizolowere. Ya single action mudzaitopera msanga tsiku limene mudzafune kupenta mawanga obisalira a ndege popanda kumata tepi.

3. Penti alowere kuti

Zina zimakhala ndi kakapu pamwamba, penti n'kumatsika yekha. Zina zimayamwa penti kuchokera m'botolo lopachikidwa pansi. Ziliponso za kakapu ka m'mbali, koma zimenezo zisiyeni kaye.

Ya kakapu pamwamba ndiyo yathu. Imagwira ntchito ndi mpweya wochepa mphamvu, mutha kuthiramo madontho asanu okha n'kupenta nawo gudumu limodzi, ndipo kutsuka kwake n'kwachangu. Ya botolo imafuna mpweya wamphamvu kuti ikoke pentiyo, komanso penti wina amatsalira m'botolo ndi m'kapayipi kake. Kabotolo ka Tamiya ka 10 ml kamene kadutsa pa Beitbridge kuti kakupezeni si kotayira m'zotsukira.

Kakapu ka pakati pa 5 ml ndi 7 ml n'kokwanira. Onetsetsani kuti kali ndi chivindikiro. Tsiku lina mudzapendeketsa dzanja kuti mufike pansi pa phiko, ndipo popanda chivindikiro pentiyo adzathera pa modelo.

4. Kukula kwa singano ndi nozzle

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, ndiye tikhalitsepo.

M'kati mwa airbrush mumadutsa singano yaitali, nsonga yake yotsekera kabowo ka nozzle. Mukakoka kabatani, singano imabwerera m'mbuyo, kabowo n'kutseguka. Nambala imene imalembedwa pa bokosi, 0.2, 0.3, 0.35 kapena 0.5 mm, ndi kukula kwa kabowoko. Singano ndi nozzle zimayenda ziwiriziwiri, simungaike singano ya 0.2 mu nozzle ya 0.5.

Ya 0.2 mm inapangidwira ojambula ndi inki ndi penti wosungunuka kwambiri. Penti wa mamodelo ali ndi tinjere ta mtundu, ndipo wa siliva, woyera ndi wa pulayima (penti woyamba wa pansi) tinjere take n'tokulirapo. M'kabowo ka 0.2 timatsekereza. Onjezanipo nyengo yathu. Harare ali pamtunda, mamita pafupifupi 1,500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala mpweya umakhala wouma gwa. Penti wa akiliriki amaumira pa nsonga ya singano muli mkati mopopera. Mumaona penti wasiya kutuluka, mumakoka kabatani mwamphamvu, kenako chimphumphu cha penti wouma chija n'kuthothoka, kukagwera pa phiko limene munalisalaza ola lathunthu. Singano ikachepa, vutoli limabwera pafupipafupi. Nsonga yakenso ndi yosalimba, kungoigunditsa pa chivindikiro yapindika.

Ya 0.5 mm imameza penti aliyense osadandaula. Ndi yabwino pa pulayima, vanishi ndi bodi ya galimoto ya 1/24 imene imafuna penti wonyowa kuti iwale. Badger Patriot 105 imabwera ndi saizi imeneyi ndipo anthu ambiri amayambira pamenepo. Koma pa kandege ka 1/72 mudzavutika nayo pa timalo tating'ono.

Yoyamba yanu ikhale ya 0.3 kapena 0.35 mm. Penti akasungunulidwa bwino, mpweya n'kutsitsidwa, mlomo n'kuyandikizidwa pa modelo, saizi imeneyi imajambula mzere wopyapyala ngati wa bolopeni. Mukatalikira n'kukoka kabatani, imayala phiko lonse. Iwata Eclipse HP-CS ndi ya 0.35 mm, kakapu kake ka 7 ml. Procon Boy PS-289 ya GSI Creos, eni ake a Mr. Hobby, ndi ya 0.3 mm. Za Harder & Steenbeck za ku Germany zambiri zimagulitsidwa ndi singano ziwiri, yaing'ono ndi yaikulu, m'bokosi limodzi. Ine ndakhala ndi ya 0.35 kwa nthawi yaitali, ndipo masiku amene ndinalakalaka yocheperapo ndingawawerenge pa zala za dzanja limodzi.

Yang'ananinso mmene nozzle imakhalira. Zina ndi zopotokola, kanthu kochepa ngati njere ya mpunga, komangidwa ndi kasipanala kake. Mukamanga mopitiriza pang'ono pokha, kamadukira m'kati, mazinga ake n'kutsalira m'thupi la airbrush. Zina, monga za Eclipse ndi za Harder & Steenbeck, nozzle yake ndi yokulirapo, mumangoiponyamo ndi zala n'kutseka chivindikiro, yokha n'kukhala pakati. Kwa munthu woyamba, makamaka amene amatsukira zida pa simenti ya pakhonde, yongoponyamoyi ndi imene ingamupulumutse.

5. Funsani za masipeya musanafunse mtengo

Singano idzapindika. Nozzle idzang'aluka. Zimenezi zimagwera aliyense, ngakhale wosamala chotani. Funso n'lakuti tsiku limenelo mudzadikira masabata angati.

Ambiri a ife zinthu zotere timaitanitsa ku Johannesburg, kudzera mwa achibale kapena anthu onyamula katundu pa mabasi, ena kwa abale a ku UK akamabwera pa Khirisimasi. Ndiye musanasankhe, tsegulani tsamba la sitolo imene mukufuna kugulako, mufufuze singano ndi nozzle za modelo yeniyeniyo. Ngati zilipo, ndipo zili ndi nambala yake ya sipeya, pitirizani. Ngati sitoloyo ikugulitsa airbrush yokha popanda masipeya ake, funani mtundu wina. Mayina odziwika, Iwata ya ku Japan, Harder & Steenbeck, Badger ndi Paasche za ku America, amakhala ndi chithunzi cha ziwalo zonse, chilichonse ndi nambala yake. Ubwino wa dzina ndi umenewo.

Zopanda dzina zija sindikuzinyoza zonse. Zina zimapopera bwino ndithu zikadali zatsopano, ndipo ngati thumba lakana, kuyambira pamenepo kuli bwino kusiyana n'kungokhala. Koma dziwani kuti ziwiri zofanana maonekedwe zimatha kusiyana mazinga, ndipo singano yogula padera nthawi zina silowa. Mukasankha njira imeneyo, gulani ziwiri za m'katoni imodzi tsiku lomwelo, inayo ikhale yochotsako masipeya.

Chenjezo: itanitsani singano ndi nozzle zapadera m'phukusi lomwelo la airbrush. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Uzaninso wonyamulayo kuti singano isachoke m'kachubu kake, ndipo isaikidwe pansi pa matumba a golosale. Za msonkho wa pa malire funsiranitu, muziwerengere pa mtengo.

6. Ganizirani penti amene muzipopera

Penti wa mamodelo ali m'magulu atatu. Wa akiliriki, monga Vallejo ndi Tamiya wa X ndi XF. Wa enamelo, monga Humbrol wa m'tizitini ta 14 ml. Wa lacquer, monga Mr. Color, amene amauma msanga, kugwira zolimba, koma fungo lake n'loopsa.

Izi zikukhudza airbrush chifukwa m'kati mwake muli kamphira kozinga singano, koletsa penti kubwerera ku kabatani. Kakakhala ka rabala wamba, thina wamphamvu amakatupitsa n'kukadya. Funani airbrush yolembedwa kuti zotsekera zake ndi za PTFE, ena amati Teflon. Ngakhale lero mukupopera akiliriki yekha, tsiku lina mudzafuna thina wamphamvu kuti muchotse penti wouma.

Dziwaninso kuti makampani ambiri onyamula katundu pa ndege amakana penti ndi thina zoyaka moto. Za lacquer ndi enamelo kawirikawiri zimayenera kubwera pa msewu.

7. Kompuresa

Airbrush yodula pa mpweya woipa imapenta moipa. Airbrush yapakatikati pa mpweya wokhazikika imapenta bwino. Mphamvu ya mpweya imayezedwa mu psi kapena mu bar, ndipo mamodelo ambiri timawapopera pa 15 mpaka 25 psi, kapena tinene 1 mpaka 1.7 bar, poti 1 bar ndi pafupifupi 14.5 psi. Mphamvu imeneyi ndi yochepa. Chofunika n'chakuti isamakwere n'kutsika.

Choyamba, magetsi. Athu ndi a 220 mpaka 240 V, 50 Hz. Kompuresa yogulidwa ku America ndi ya 120 V, ya ku Japan 100 V, ndipo mukaibaya pa khoma la kuno imapsa nthawi yomweyo. Uzani m'bale wokugulirani aone kachitsulo kolembedwa pa thupi la makinawo, osati bokosi lokha. Yochokera ku South Africa magetsi ake ndi ofanana ndi athu, kungoti pulagi yake imatha kukhala ya mano atatu aakulu obulungira, pamene nyumba zambiri kuno zili ndi soketi za mano a makona anayi. Adaputala kapena kusintha pulagi kumathetsa zimenezo.

Chachiwiri, thanki. Kompuresa yopanda thanki imakankha mpweya modukizadukiza motsatira pisitoni, ndipo pa mzere wopyapyala mumaona timadontho. Imaliranso nthawi yonse imene mukupopera, n'kutentha. Ya thanki imadzaza, n'kuzima yokha, mpweya n'kumatuluka mosalala. Mtundu wofala kwambiri ndi umene umadziwika kuti AS186, wogulitsidwa pansi pa mayina osiyanasiyana: thanki ya malita 3, imazima pa 4 bar n'kuyakanso ikatsika pa 3 bar. Kwa woyamba ndi yokwanira.

Thankiyo ili ndi phindu lina kwa ife a kuno. Magetsi akathima muli pakati popenta, malita atatuwo sangakumalizitseni phiko, musadzinamize. Koma amakupatsani kamphindi kokhuthula penti n'kupoperamo zotsukira, kuti asaumire m'kati mpaka usiku magetsi akadzabwera. Zinandichitikira tsiku lina Loweruka masana, kakapu kadzadza ndi pulayima, ndipo ndikanakhala wopanda thanki nozzle ija ikanagona mu thina mpaka m'mawa. Amene muli ndi sola ndi invetala, makina otere amadya mawati ochepa, koma poyaka amakoka magetsi ochulukirapo kwa kanthawi, ndiye yesani kaye firiji isanayake.

Chachitatu, madzi. Mpweya ukapanikizidwa n'kuzizira umatulutsa madzi. M'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi, kabotolo kotchera madzi kamadzaza msanga, ndipo dontho limodzi likadutsa m'payipi limakaphulikira pa penti wanu. Khuthulani kabotoloko nthawi iliyonse musanayambe. Pansi pa thanki pali kasikuluwu kotulutsira madzi, muzikatsegula kamodzi pa sabata kuti thanki isachite dzimbiri.

Nanga kompuresa yaikulu ya m'galaja, yonga imene amapopera nayo magalimoto ku Magaba ku Mbare? Imagwira, bola muiikire chochepetsera mphamvu chotha kutsika mpaka 15 psi ndi fyuluta yotchera madzi ndi oyilo. Vuto lake ndi phokoso. Pa nyumba zathu zogundizana za ku Highfield ndi ku Mabvuku, ikayaka 9 koloko usiku mawa lake mudzakhala ndi mlandu ndi aneba. Zitini za mpweya zogula musataye nazo ndalama, zimazizira n'kufooka mukupopera ndipo zimatha msanga. Timakompuresa tija tating'ono totchaja ngati foni, tomangirira kunsi kwa airbrush, timathandiza pa tsiku lopanda magetsi popopera pulayima, koma tambiri simungatisinthe mphamvu mmene mukufunira, ndiye musadalire timeneto tokha.

8. Onani ngati mazinga akugwirizana

Kanthu kakang'ono koma kokhumudwitsa. Iwata, Harder & Steenbeck ndi zambiri zopanda dzina zimalumikizidwa ndi mazinga a 1/8 BSP, ofanana ndi a makompuresa ang'onoang'ono ambiri. Badger ndi Paasche zili ndi mazinga awoawo. Mukasankha zimenezi, adaputala yake ibwere m'phukusi lomwelo, chifukwa m'mahadiweya wamba simukaipeza. Polumikiza zungulizani katepi koyera ka mapulambala ku mbali ya kompuresa. Ku mbali ya airbrush mangani ndi zala basi, osati pulayala.

9. Iyeseni isanakhudze penti

Ngati mukugula pamaso, kapena kwa munthu amene anaigwiritsapo ntchito, chitani izi musanapereke ndalama. Ngati yabwera pa basi, chitani tsiku lomwelo.

Masulani chogwirira cha kumbuyo, masulani kanati kogwira singano, musolole singanoyo pang'onopang'ono. Igubuduzeni pa galasi kapena pa sikirini ya foni. Yowongoka imayenda mosalala, yopindika nsonga yake imavina. Jambulani mlomo wa nozzle ndi kamera ya foni n'kukulitsa chithunzi: kabowo kakhale kozungulira, kopanda mng'alu, kosayasama ngati belu. Bwezerani singano mofatsa mpaka itangokhudza, musaikankhe.

Kenako thirani madzi m'kakapu, mulumikize mpweya pa 20 psi. Dinani osakoka: patuluke mpweya wokha. Pakatuluka madzi, singano sikutseka bwino. M'kakapu mukamatuluka thovu, mpweya ukuthawira ku njira ya penti, ndiye kuti nozzle ndi yosamangika kapena yang'aluka. Kokani pang'onopang'ono mukupopera pa katoni yakhaki: chinyontho chikhale chozungulira, chikule motsatira chala, chisakhotere mbali imodzi. Kabatani kabwerere kokha mukakasiya.

Igwireninso kwa mphindi zingapo ngati cholembera. Ngati kakapu kakutsekereza maso kapena chala chikuwawa, dzanja lanu lakana, yesani ina.

10. Masupuni kaye, modelo pambuyo

Sakanizirani penti m'kachibekete kapadera, osati m'kakapu ka airbrush. Akhale ngati mkaka wa m'paketi, osati chambiko. Mukamukoka ndi burashi m'mbali mwa kachibeketeko azitsika n'kusiya kachifunga kopyapyala. Kwa Tamiya yambani ndi muyezo wofanana wa penti ndi thina wa X-20A, kenako muzisintha. Vallejo Model Air amabwera wosungunula kale, koma m'chilimwe cha kuno dontho limodzi kapena awiri a mankhwala ake ochedwetsa kuuma amathandiza. Musamuthire sipiriti Vallejo, amaundana ngati chingamu. Pofuna madzi gwiritsani ntchito otchezedwa (distilled water) a m'botolo, amene amathira m'mabatire a galimoto, koma werengani chizindikiro muonetsetse kuti ndi madzi, si asidi. A pa mjigo amasiya mchere woyera m'kati.

Lamulo la chala ndi ili: mpweya uyambe, penti atsatire, penti aleke, mpweya umalize. Mlomo utalikirane ndi supuni masentimita 5 mpaka 10, dzanja liyambe kuyenda penti asanatuluke. Yalani katatu mopyapyala m'malo moyala kamodzi mokhuthala. Penti akamatuluka wokhakhala ngati mchenga, ndiye kuti akuumira m'njira: yandikirani, tsitsani mpweya kapena onjezani thina. Akamamwazikira m'mbali ngati miyendo ya kangaude, mwayandikitsa, kapena wasungunuka mopitirira. Khalani ndi kathonje konyowetsa ndi thina pafupi, muzitsina nako nsonga ya singano mphindi zingapo zilizonse.

Mphwanga uja ndinamupatsa paketi yonse ya masupuni kuti amalize asanakhudzenso Hunter yake. Pa supuni za kumapeto anali akulemba dzina lake ndi timizere toongoka.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kusiya penti m'kati "pang'ono pokha". Akiliriki amauma pa mphindi zochepa, makamaka mu Okutobala. Mukangomaliza khuthulani, pukutani kakapu, poperani zotsukira mpaka zituluke zoyera, kenako sololani singano muipukute kuchokera kumbuyo kupita kunsonga.

Kumiza airbrush yonse mu thina. Vavu ya mpweya pansi pa kabatani ili ndi timphira ta rabala, ndipo tikatupa kabatani kamakanirira pansi. Nyikani nozzle ndi zivindikiro zakutsogolo zokha. Zotsukira mawindo zokhala ndi amoniya zimadya chitsulo chonyezimira cha m'kakapu, zisagonemo.

Kusungunula penti ndi thina wa ku hadiweya. Ameneyu ndi wotsukira zitsulo. Pa modelo amatha kusungunula pulasitiki, timizere tonse ta mapanelo n'kufufutika.

Kutokosa nozzle ndi waya kapena phini. Kabowo kamakula, singano n'kusiya kutseka, ndipo palibe chobwezera. Nyikani, kenako pukutani ndi kapepala kopota mosongola.

Kupopera m'chipinda chogona, mawindo otseka, poti kunja kukuzizira mu Juni. Nkhungu ya penti imalowa m'mapapo, ngakhale ya akiliriki yosanunkha kwambiri. Kansalu ka kumphuno kamene tinazolowera nthawi ya Covid-19 sikatchinga nthunzi ya thina. Valani chophimba cha mafyuluta a A2 ophatikiza ndi otchinga fumbi, poperani pafupi ndi windo lotsegula, ana ali kutali. Magetsi akathima musayatse kandulo kapena mbaula ya gasi pafupi ndi lacquer ndi thina, nthunzi yake imagwira moto.

Kuiwala fumbi. Mphepo ya Ogasiti imalowetsa fumbi paliponse, ndipo limakakamira pa penti wonyowa. Wazani madzi pansi musanayambe, pukutani tebulo, ndipo mukamaliza vindikirani modelo ndi bokosi lapulasitiki loyera, kusiya kampata kakang'ono kuti thina azituluka.

Kuthamangira kugula airbrush yachiwiri yoyamba ikayamba kulavula. Kawirikawiri vuto limakhala penti wokhuthala, nsonga youma, madzi m'payipi kapena nozzle yosatsukika. Yesani ndi madzi okha monga pa sitepe 9. Madzi akamatuluka bwino, airbrush ilibe mlandu, bwererani ku kachibekete kosakanizira muonjezere thina.